Tsiku Limene Ndinakolola Njira ya M'phiri

Pali zinthu zina munthu umachita ndi mtima wabwino, koma zikaululika umalakalaka utalowa pansi. Zanga zinandionekera pamwamba penipeni pa phiri la Kasungu, anthu akutchalitchi kwathu ali maso tong'o.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini ku Lisasadzi, ndipo chikamwini chinali chitandikwana. Ndinkapempha chitengwa kuti ndipite ndi mkazi wanga kwathu ku Chamama, koma amalume ake, a Chisale, amene ndi eni mbumba, ankangoti, "Tikuoneni kaye." Ndiye nditamva kuti mpingo ukukatola zinyalala ndi kulambula njira yokwerera phirilo, ndipo a Chisale akupita nawo, ndinati mwayi ndi umenewu, andionedi.

Inali nyengo yosoka fodya, udzu utatalika kulekeza m'khosi. M'tsinde mwa phiri mtsogoleri wathu, Mayi Mwale, anafotokoza za ntchito yonse, koma ine sindinamvepo kanthu (ndinali kalikiliki kusankha thumba lalikulu kuposa onse). Azikwanje anatsogola, ine ndinadzipereka kutsalira m'mbuyo kuti pasatsale ngakhale kapepala ka switi.

Ndinatola, abale! Majumbo, mabotolo, zitsononkho, ngakhale patapata wa phazi limodzi. Anthu okapemphera kuphiriko sasiyako machimo okha ayi.

Kenako ndinaona kachingwe kofiira panthambi. Patsogolo pang'ono, kenanso. Zingwe zatsopano, zolimba bwino! Amene analimapo fodya akundimvetsa: mwezi umenewo umasowa chosokera mpaka kumakasenda luzi kuthengo. Ndinapukusa mutu kudandaula ndi anthu owononga zinthu, n'kuyamba kumasula chimodzichimodzi, osadula ayi, n'kumaponya m'jekete. Phiri likuyera, chigafa changa chikupindula. Ndinkakwera ndikuimba mluzu.

Pamwamba tinapemphera, tinadya chimanga chophika. A Chisale anayang'ana thumba langa lili tho, n'kugwedeza mutu. Mtima wanga unati myaa. Posakhalitsa kumwamba kunada, chifunga n'kutsika mpaka tauni osaonekanso.

"Musadandaule," anatero Mayi Mwale. "Tingotsata zingwe zofiira ndinamanga dzana zija. Mwaziona pokwera paja, eti?"

Onse anati, "Eee!" Ine ndinangomva jekete likulemera.

Anafunafuna chingwe choyamba, palibe. Tinjira ta otola nkhuni tinali mbwee, ndipo tina timathera kumaphompho. A Chisale bondo linkawavuta kale. Ndinaganiza zokhala chete (ndisaname, ndinaganiza kwambiri), koma poona mkuluyo akunjenjemera ndi mphepo, ndinapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa mpukutu wonse wa zingwezo.



"Akamwini," anatero a Chisale pang'onopang'ono, "mwachita kukolola njira yonse?"

Anthu anafa nalo phwete. Mayi Mwale okha sanaseke. "Ndiye titsika bwanji, bambo inu? Mvula ndi iyo!"

Ndinachita manyazi oopsa, koma manyazi nawo amanola nzeru. Ndinathamangira pamphambano yoyamba n'kusuzumira kanjira kakumanzere: jumbo lakuda ilo, lakola pachitsamba. Kanjira kakumanja kanali mbee.

"Uku!" ndinakuwa. "Kumene ndadutsa ine simungapezeko jumbo!"

"Mukutsimikiza?" anafunsa Mayi Mwale.

"Mayi, mukapeza ngakhale chitsekerero cha botolo, mundisiye konkuno."

Tinatsika choncho. Pamphambano iliyonse ndinkayamba ndine kusuzumira: kauve n'kolakwika, koyera n'kathu. Ndikatsimikiza ndinkabwezera chingwe panthambi, mfundo yake ya pafodya, yosamasuka ndi mphepo. Pena tinjira tonse tiwiri tinaoneka toyera, thukuta linandituluka ngakhale kunkazizira, mpaka mayi wina anaponda botolo m'udzu, tonse n'kutembenukira kwinako. Sindinakondwerepo ndi chinyalala ngati tsiku limenelo.

Pofika potsetsereka kwambiri bondo la a Chisale linakaniratu. Ndinapatsa mnzanga wina thumba, n'kunjuta. A Chisale anazengereza (mkamwini kubereka mwini mbumba, zinaonekapo kuti?), koma bingu litagunda anakwera okha osauzidwa kawiri. Mvula inayamba kukhuthuka tikuponda msewu, tonse amphumphu, amayi akululutira.

Titabisala pakhonde la golosale ina, a Chisale anafinya chipewa chawo, n'kunditembenukira.

"Munthu wosasiya jumbo m'phiri la eni, mwana wathu sakamugoneka pauve," anatero. "Auzeni ankhoswe anu abwere Loweruka. Koma posamuka, chingwe choyanikira zovala mutisiyire."

Ndikulemba izi ndili ku Chamama, pakhonde langalanga. Mkazi wanga amati phunziro lake n'lakuti munthu uzimvetsera ena akamafotokoza, ndipo ndimavomera kuti nkhani ithe. Koma pansi pa mtima ndimadziwa kuti ndikanamvetsera, bwenzi mpaka lero ndikupalira munda wa apongozi.