Masheya Anga Ali m'Khola ku Nathenje

Lolemba

Ine, mphunzitsi wa masamu pasekondale ina kuno ku Mitundu, mwini digiri ya chidindo chake, ndikudandaula mwaulemu koma mokwiya kuti lero ndanyozedwa pafoni. Ndaimbira ofesi yogulitsa masheya ku Lilongwe. Funso ndi limodzi: munthu woyamba kumene amafunika ndalama zingati? Mayi wa kumeneko akuti, "Zimatengera, bambo." Zimatengera! Mayunitsi n'kuthera pomwepo. Akubisa chiyani? Ngakhale wogulitsa tomato amatchula mtengo.

Ndalama ndili nayo, chipereganyu cha aphunzitsi mwezi uno chagwera ine. Akazi anga, a Naphiri, akudziwa kuti ndi ya feteleza mvula isanagwe. Sindinawauze kuti feteleza amasungunuka koma sheya imabereka.

Lachiwiri

Ndaimbanso. Akufuna chitupa, zithunzi ziwiri, akaunti ya kubanki ndi bilu ya magetsi yosonyeza kumene ndimakhala. Nyumba ndi yasukulu, magetsi ndi a sola. Dzuwa silitumiza bilu. Ndiye ndikukapempha kalata kwa ahedi. Akundiyang'anira pamwamba pa magalasi: "Ee, mwayamba kugula makampani, aphunzitsi?" Kasekedwe kawo sindikukakonda.

Lachitatu

Sitafurumu yonse yadziwa. Dzina langa tsopano ndi "a Dayilekita". Mwambo woti wolandira chipereganyu amagulira anzake zoziziritsa kukhosi ndimaudziwa, koma lero awonjezera:
mandasi, poti ndine dayilekita;
chipepeso cha maliro a apongozi a munthu amene sitipatsana n'komwe moni;
ngongole ya mphunzitsi wa Chichewa, "mpaka tilandire".
Envelopu yaonda. Ndikukayikira kuti ahedi ndi mayi wa pafoni uja amadziwana.

Lachinayi

Ndazemba makalasi a masana. Njinga yamoto mpaka ku Nathenje, fumbi mpaka m'makutu. Ndikukafunsa nzeru kwa alamu anga, mlongo wawo wa a Naphiri, amene ali ndi butchala. Akumvetsera kwinaku akunola mpeni. "Ndiye kampaniyo mukagula, alamu, mukaimangirira pati?" Akundionetsa nkhumba ya bere, akufuna woti agawane naye mtengo. "Iyi mumaiona ndi maso." Ndakana. Potsanzikana akufunsa ngati mlongo wawo akudziwa za ulendowu. Akufunsiranji?

Lachisanu

Kusukulu ndanena kuti dzino. Lilongwe, suti, tayi. Ofesi yozizira ngati mochale. Bambo wa pakompyuta akundiwerengera mofatsa kuti masheya ena ndi otchipa, ndingathe kuyamba ndi ndalama yocheperapo kuposa imene ndamwaza sabata ino pa mandasi, njinga yamoto ndi zithunzi. Apa ndiye ndachenjera. Kampani yeniyeni, ya nyumba zosanjikizana, ingandilole kukhala mwini wake pamtengo wa atambala angapo? Ndikufunsa za satifiketi yokapachika pabalaza. Akuti masiku ano zonse zimakhala m'kompyuta. Eya! Ndikufunsa ngati ndidzapindule. Akuti, "Zimatengera." Mawu omwe aja! Anagwirizana. Ndanyamula envelopu yanga, ndatuluka. Ku yunivesite sindinapite kukaona makoma.

Loweruka

Ndaiwala kuti lero ndi tsiku lochapa. M'jekete a Naphiri apezamo envelopu, nkhope zanga ziwiri ndi kalata ya ahedi. Alamu anali atawaimbira kale Lachinayi lomwe lija, ine ndisanasase fumbi. A Naphiri sakukalipa, ndiye kuopsa kwake. Ndalama yotsalayo siikwana ngakhale thumba limodzi la feteleza. "Bambo a Chisomo, inu pumulani, mwatopa ndi makampani." Apita ku Nathenje ndi envelopu yanga. Abwera madzulo ndi thumba la feteleza panjinga yamoto, la ngongole, tidzabweza nkhumba ikaswa. Ndalama yanga yalowa m'nkhumba muja, gawo limodzi mwa magawo anayi. Popanda chitupa, popanda zithunzi.

Lamulungu

Ndine mwini wa mwendo umodzi wa nkhumba. Sanandiuze kuti uti. Kutchalitchi ahedi akundigwira chanza: "A Dayilekita, msonkhano wa eni kampani muchitira m'khola momwemo?" Ndaimbira alamu kufunsa kuti iswa ana angati. Akuti zimatengera.

Basi, ndagonja. Komabe ndikulamula kuti ofesi ija indibwezere mayunitsi anga onse, mandasi a sitafurumu ndi dzino limene ndalinamizira. Ndiponso inditumizire satifiketi ya m'felemu yagolide, yokhala ndi chithunzi cha nkhumbayo, mwendo wanga atauzunguliza ndi inki yofiira. Ukhale wakumbuyo, wamnofu.