Mkonono Pansi pa Chitenje

Anzanga, musanamve kwa anthu a ku Chinyonga amene akuithira mchere nkhaniyi, bwerani muimve kwa mwini wake, chifukwa ena afika ponena kuti ndinaledzera. Ine? Mowa ndinausiya kalekale. Chinandigwetsa ndi masamba.

Kubanja kwathu aliyense ali ndi ntchito yake pa chinkhoswe. Ena ophika, ena ovina, ine yanga ndi yonamiza. Mukuudziwa mwambo uja wofunditsa akazi angapo zitenje kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mkwatibwi ali pakati pawo, kuti mnyamata aloze wake? Zaka zonsezi mkwatibwi wabodza ndakhala ine. Ndimadziwa kuyenda mwamanyazi, kupinda khosi, kubisa zala zakuphazi. Anyamata awiri anandilozapo ine, mayi wa ana anayi, anthu n'kugwa nako kuseka.

Koma kuyambira chaka chatha thupi landiukira. Kumwezi ndinasiya kupita, m'malo mwake mwabwera moto. Ndikhoza kukhala pa benchi yanga ya kaunjika ku Limbe, kunja kukuzizira, mwadzidzidzi kutentha kuyambira pachifuwa kukwera kumaso, thukuta kamukamu, mtima kugunda ngati ndaba. Ndiye nkhawa zopanda mutu: mwina nyumba ikupsa, mwina mwana wagundidwa, mwina ndifera mu minibasi pakati pa anthu osandidziwa. Sindinauze munthu. Ndiuze ndani? Achemwali anga akanamva, ntchito yanga akanapatsa wina tsiku lomwelo.

Itafika nkhani ya chinkhoswe cha Tiyamike, mwana wa achemwali angawo, mantha anandigwira. Pansi pa chitenje mulibe mphepo. Motowo ukandipeza mmenemo nditani?

Lachisanu ndinapita kwa Abiti Saidi, mayi wogulitsa mankhwala azitsamba kuseri kwa msika wa Limbe.

"Andituma anzanga a kutchalitchi, munthu wamkulu ndithu," ndinatero ndikupukuta nkhope ndi mpango. "Akuti mtima ukumawathamanga, thupi kutentha, nkhawa osatha."

Abiti anandiyang'ana pamphumi, n'kuyang'ana mpango uja.

"Anzanuwo thukuta lawo likufika ngati lanuli?"

"Kuposa apa."

"Chabwino. Tengani ufa wa masamba uwu. Mukawauze athire kasupuni ka tiyi kamodzi m'madzi ofunda, amwe madzulo atatha ntchito zonse. Kamodzi, mayi. Ndipo apite kuchipatala akawayeze kuthamanga kwa magazi, mtima sitiseweretsa."

Kasupuni kamodzi kwa munthu wa thupi langali? Ndinaona kuti muyezo umenewo ndi wa anthu owonda. Za madzulozo sizinandikhudzenso, chinkhoswe chinali cha masana. Loweruka m'mawa ndinathira masupuni atatu akuluakulu m'botolo. Mayi woyandikana nane ku Chilobwe anandiuzapo kuti chidede chimakhazika mtima pansi, ndinathiramo. Chamwamba amati chimachiza chilichonse, ndinathiramo. Jinja wambiri kuti zikome. Theka ndinamwera mu minibasi, lotsalalo ndinamalizira kuseri kwa nyumba ya achemwali ku Chinyonga, wondifunsa ndikumuuza kuti ndi thobwa la mtundu wina.

Anatifunditsa atatu: Tiyamike, msuweni wake, ndi ine. Anatitulutsa ndi nyimbo n'kutikhazika pamphasa pakati pa bwalo, moyang'anana ndi tenti ya akuchimuna. Anthu a ku Nsanje, ovala bwino, mayi a mnyamatayo ali patsogolo, nkhope ngati ya woweruza milandu. Achemwali anali atatichenjeza sabata yonse kuti mayi amenewo safuna zachibwana, ndipo ukwatiwu sanauvomere ndi mtima wonse, tikangolakwitsa pang'ono apezerapo chifukwa.

Titangokhala, jinja uja anayamba ntchito yake, kuwotcha kuyambira m'mimba mpaka m'makutu. Ndinaganiza mwanzeru: pansi pa chitenje akuona ndani? Ndinavula bulauzi mwakachetechete n'kuipana m'khwapa, kuti nthawi yotivundukula ikayandikira ndivalenso msanga. Wigi nayo ndinaichotsa n'kuiika pamiyendo.

Apa ndiye ndikuti mlandu si wanga ndekha. Malume a mnyamata anapempha maikolofoni kuti anene mawu awiri. Mawu awiriwo anayambira pa agogo awo amene anawoloka Shire pa bwato. Munthu wachifundo angalankhule choncho, akazi atatu atavundikidwa ngati nthochi padzuwa la Okutobala? Ine mkatimo ndinamva mtima ukukhazikika bwinobwino, koyamba pa miyezi yambiri. Nkhawa zonse zii. Ndinati chamumtima, Abiti ndi dokotala. Mawu a malume anayamba kumveka patali ngati wailesi ya nyumba yachitatu.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa. Akuti mnyamata ataimirira kuti aloze wake, chitenje chakumanzere chinayamba kupendekeka pang'onopang'ono mpaka kutsamira chapakati. Kenako munatuluka mkonono. Woyendetsa mwambo, munthu wopanda ulemu, m'malo mondigwedeza anabweretsa maikolofoni pafupi n'kunena kuti, "Tiyeni timve kaye maganizo a mkwatibwi uyu." Mkonono wanga unamveka pa masipika mpaka kumsewu. Mnyamatayo akuti sanavutike n'komwe. Anangoti, "Awa ndi amayi aang'ono. Tiyamike ndi amene wawanyamulayo."

Tiyamike, pofuna kundipulumutsa, ananditsina pantchafu. Ndinadzidzimuka mumdima, thupi lili moto, chinsalu chili kumaso, ine n'kuyesa ndili pabedi kwathu. Ndinachiponyera kutali ndi manja awiri n'kukalipa, "Bambo a Chifundo, ndikuuzeni kangati kuti bulangeti lanuli muzifunda nokha?"

Kutsegula maso bwino, bwalo lonse likundiyang'ana. Ine ndili m'kamisolo wong'ambika paphewa, imvi zili pamtunda, wigi itagubuduka mpaka pa nsapato za malume aja. Bambo a Chifundo enieniwo ali pamzere wachiwiri, ataweramira pansi ngati akuwerenga nyerere. Mwa abale anga onse panalibe ndi mmodzi yemwe wondiponyera nsalu, onse anali kalikiliki kukweza mafoni.

Achemwali anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Wandipha, Esinati. Mwana wangayu akamukana, udzamukwatira ndiwe."

"Mukafunse malumewo chifukwa chake anatiphika ola lathunthu."

"Anakuvula bulauzi ndi malume?"

Tili mkati mokangana, tinaona mayi a mnyamata akubwera, wigi yanga ili m'manja. Achemwali anagwada pomwepo n'kuyamba kupepesa. Ine miyendo inali isanadzuke, ndinangokhala pa ndowa kudikira chigamulo.

Mayiwo anandipatsa wigi, n'kupempha achemwali kuti atipatse mpata. Nkhope yomwe ija. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, zinakuyambani liti?"

"Chaka chatha."

"Ine chino n'chachitatu. Nkhope mukuionayi si nkhanza, n'kusagona." Anapukuta m'khosi ndi kansalu. "Inu mwagona padzuwa, masipika akulira, achimwene anga akulankhula. Munamwa chiyani, ndipo amagulitsa pati?"

Chinkhoswe chinatha bwino, tambala ndi thadzi anasinthana, Tiyamike sanakanidwe. Lolemba ndinawaperekeza mayiwo kwa Abiti, amene anali atamva kale nkhani yonse kwa madalaivala a minibasi. Iwo anawalandira ndi ulemu, mpando n'kuwapatsa. Ine anandiuza pamaso pa makasitomala kuti sandigulitsanso ngakhale tsamba limodzi mpaka nditabwera ndi buku la kuchipatala losonyeza kuti andiyeza. Ine amene ndawabweretsera kasitomala wochokera ku Nsanje. Vidiyo ija ikuyendabe m'mafoni, ndipo wa maikolofoni uja mpaka lero sanapepese.

Ndalumbira kuti mankhwala osakaniza ndekha sindidzamwanso, ndipo pansi pa chitenje cha chinkhoswe sindidzalowanso ngakhale andigwadire. Kugona ndizigona kwathu ku Chilobwe, chitseko chotseka, kumene mkonono wanga umazunza munthu mmodzi yekha, amene anauvomera yekha pamaso pa ankhoswe.