Njuchi m'Kabudula, Apongozi Panjira

Mpaka lero ndikamadutsa kwa Kalembo, pali akuluakulu ena amene amandilonjera akuyang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Ndimadziwa chimene akuseka. Aseke ndithu, nkhaniyi ndiifotokoza ndekha asanaithire mchere.

Ndinalowa chikamwini kumeneko chaka chotsatira njala yaikulu ija, ndili mnyamata wochokera ku Nselema. Amuna ambiri anali atathawa akazi awo pa njalayo, ndiye mkamwini watsopano ankangomuona ngati pakamwa podzathetsa ufa. Apongozi anga aakazi anali asanandipatse munda wangawanga. Ndinkalima mwawo, iwo n'kumandiyesa. Kungolakwitsa pang'ono, mphasa paphewa, ulendo kwanu. Ndipo mkazi wanga Asiyatu ndinkamukonda kwambiri, moti ndinkaopa kumusiya kuposa mmene ndinkaopera msonkho.

Chuma chimene ndinabwera nacho chinali zinthu ziwiri: kabudula wa khaki wa miyendo yotakasuka (mwendo umodzi tikanakwanamo anthu awiri) ndi nzeru za njuchi. Bambo anga ankapachika ming'oma m'mbali mwa munda, ndipo ndinakula ndikuona kuti maungu oyandikira ming'oma ndi amene ankabereka mosaleka.

Mvula itayamba, maungu atangoyala, gulu la njuchi linadzatera pa nthambi ya mango, panjira ya kuchitsime. Mlamu wanga Che Jafali, mlongo wake wa Asiyatu, anatulukira ndi muuni wa udzu uli lawilawi.

"Alamu, pepani, musazitenthe," ndinatero.

"Bwanji? Ndi abale anu a ku Nselema?"

"Iyayi. Koma ndi ankhoswe a maungu athu."

Anthu anafa nacho chiseko. Ine osabwerera m'mbuyo. Ndinawafotokozera kuti dzungu lili ndi duwa lalimuna ndi duwa lalikazi, lija lokhala ndi kadzungu kumsana. Awiriwa sangayenderane. Njuchi ndiyo imanyamula ufa wachikasu uja kuchoka kwa mwamuna kupita kwa mkazi, ndipo ikapanda kufika, kadzungu kamafota n'kuthothoka. Ndinawonjezeranso za bemberezi amene amagwira ntchito yomweyo mu nandolo ndi mu khobwe. (Ndikayamba za njuchi sindimva kuti lekani.)

"Chabwino, aphunzitsi," anatero Che Jafali akuzimitsa muuni. "Zichotseni nokha. Koma zikangoluma munthu mmodzi pamudzi pano, mupinde mphasa yanu."

Asiyatu anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Inu, mkamwini asamakule mwendo. Mukufuna kundisiya chifukwa cha tizilombo?"

"Usadandaule, izi ndakula nazo," ndinamuyankha, chifuwa chili patsogolo.

Ndinasenda khungwa, ndinakonza mng'oma, ndinapakamo phula n'kuupachika pamtengo wa m'mbali mwa munda wa apongozi. M'mawa mwake ndinavala kabudula wanga uja, poti ntchito yoonetsa anthu imafuna kutchena. Njuchi zimene zili paulendo sizilusa, chifukwa zilibe uchi kapena ana oti ziteteze. Ndinatchera dengu pansi pa nthambi, ndinagwedeza kamodzi, gulu lonse khuthu! Ndinavundikira ndi chiguduli n'kusenza pamutu. Bambo anga akanaona akananyadira.

Chimene ndinaiwala n'chakuti zina zimaphonya dengu n'kugwera pansi, ndipo njuchi ikagwa pansi sidziwa njira ina koma kukwera. Ndinazimva pa akakolo. Kenako m'mawondo. Kenako zinayamba kulowa m'kabudula mwadongosolo, ngati anthu olowa mu sitolo ya Mmwenye. Ndinadziuza kuti palibe vuto: ukapanda kuzipanikiza siziluma. Ndingoyenda pang'onopang'ono, miyendo motalikirana, zikatopa zituluka zokha.

Nditangosuntha pang'ono, ndinaona mtsuko ukubwera kuchokera kuchitsime. Pansi pa mtsukowo panali apongozi anga.

Achinyamata a lero sadziwa izi. Nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankalankhulana. Mukakumana panjira, mkamwini unkapatukira m'tchire, kufulatira, n'kunyonyomala mpaka adutse. Tsono kunyonyomalako ndiye kunali nkhani. Ndinaima chilili, dengu likulira pamutu, iwonso anaima patali atayang'ana kumbali. Kuwalankhula sindikanatha. Ndiye ndinatembenukira kumtengo.

"Mtengo wa mango iwe, tawauza amayi kuti adzere kwina. Mwana wawo ali ndi alendo m'kabudula."

Kenako nawonso analankhula ndi mtengo womwewo.

"Mtengo iwe, uwauze bambowo kuti mtsuko ukulemera, ndipo njira ndi imodzi. Kodi kwawo ku Nselema sapatukira apongozi?"

Nanga ndikanatani? Kukana kunyonyomala kunali kupinda mphasa. Kutaya dengu kunali kuwakhuthulira njuchi apongozi, kupindanso mphasa. Ndinapatuka, ndinafulatira, ndinagwiritsa dengu ndi manja awiri, n'kutsika pansi mwaulemu wonse. Kabudula anathina.

Abale anga, moto ndinaupondapo, chinkhanira chinandilumapo, koma zimene zinachitika m'kabudula muja zilibe dzina. Zinandiluma malo amene sindingawatchule pano. Misozi inatsika yokha. Kukuwa sindinakuwe, kungoti panatuluka kamawu kena kangati ka mbuzi yomangidwa pakhosi. Apongozi anadutsa (ndikulumbira, anachepetsa dala liwiro), ndipo ndinamva madzi akukhavukira pansi. Mtsuko sukhavuka wokha pamutu pa mayi wamkulu. Ankaseka.

Koma dengu sindinataye. Izi zokha muzilembe. Ndinayenda ngati bakha mpaka kumunda, ndinakhuthulira njuchi mumng'oma, ndinatseka bwinobwino, kenako ndiye liwiro la kudambo kukakhala m'matope. Ndili m'matopemo ndinazimvera chisoni zimene zinandiluma, poti njuchi ikaluma imafa. Chisonicho chinali chochepa, koma chinalipo.

Madzulo ndikudya choimirira, Che Jafali anafika pabwalo akufuula. "Tinapangana! Zaluma munthu! Azipita!"

Asiyatu anagwira pakamwa. Ndiye kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a apongozi: "Asiyatu, uwauze alongo akowo kuti palibe munthu walumidwa pamudzi pano. Walumidwayo ndi mkamwini basi."

Sindinadziwe ngati ndithokoze kapena ndidandaule. Ndinasankha kuthokoza, poti mphasa inatsala pamalo pake.

Maungu atachita maluwa, munda wonse unkalira m'mawa uliwonse. Ndinapempha Asiyatu kuti azimayi akamathyola chiluwe cha ndiwo azidikira dzuwa likwere, njuchi zithane nawo maluwawo, ndiponso azithyola maluwa aamuna okha, ena n'kusiyako. Anamvera mong'ung'udza. Koma mwezi wa njala utafika, anthu ena akugona ndi madeya, kwathu tinkaphika maungu mpaka kugawira oyandikana nawo. Ankabwera kudzapempha mbewu, ine n'kumawauza kuti mbewu ndi yomwe ija, chasintha ndi ankhoswe. Ngakhale Che Jafali anadzandifunsa, mawu ali pansipansi, kasendedwe ka khungwa la mng'oma. Chaka chimenecho palibe anatenthanso tchire la kumbali kwa mundawo. Ndinanyada, ndipo ndimanyadabe.

Titakolola, apongozi anandiitanitsa. Anandilozera malo kuchokera pachulu mpaka kumtsinje kuti ndi munda wanga, ndipo anandipatsa nkhuku, kusonyeza kuti kuopana kwatha, tikhoza kumalankhulana. Ndinagwada, kudikira mawu oyamba amene mayi ameneyu adzandiuze yekha, popanda mtengo pakati. Ndinkayembekeza mawu a chiyamiko.

Anandiyang'ana kumaso koyamba, n'kunena kuti, "Bambo, luzi ndi lambiri m'tchiremu. Mukamapita kwa abale anuwo muzimanga m'miyendo."

Ndimamanga ndithu, ndikakumbukira.