Mphini za Dokotala

Chaka chimene asikali ankasaka amuna okasenza katundu wa nkhondo, Elifala wa kwa Msakambewa anatulukira nzeru ali pa chipanda chachitatu cha masese. Ankamutcha Kamphepo, koma chimene chinkathamanga pa iye ndi pakamwa pokha.

"Tamverani, akuluakulu," anauza anzake awiri. "Dokotala wa pamishoni amakanda munthu pamkono n'kudonthezapo za m'kabotolo. Pakatupa, asikali amamusiya. Si mphini zimenezo? Tikabe kabotoloko!"

Mlamu wake Isake Chigubu ndi Abrahamu Disolimodzi anawomba m'manja. Palibe anafunsa chifukwa chimene otupawo ankasiyidwira. Mankhwalawo anali tubakulini, oyezera chifuwa chachikulu basi: wotupa ndiye kuti matendawo ali m'thupi mwake.

Lamulungu, mpingo wonse uli pa nyimbo yachiwiri, akatswiriwo analowera pazenera la chipatala. Chigubu anatsakamira mimba, anzake n'kumukoka ngati mbuzi. Chitseko chinali chosakhoma. Kabotolo anakapeza mumtsuko wa madzi ozizira.

Atafika kuphiri kokabisala, Elifala anasolola lumo.

"Mzungu ndi woumira, amadontheza kamodzi. Ife tichita zachimuna."

Anatemana mphini m'mikono, pachifuwa, mpaka pamphumi. Kabotolo katatha, Elifala anakavala m'khosi ngati chithumwa.

Patapita masiku awiri, Abrahamu diso lake limodzilo linatsekeka ndi kutupa. Chigubu thupi linali moto, akubwebweta. Nanga Elifala? Khungu see, ngati la khanda. Mtima unamuwawa kwambiri.

Koma Chigubu akanafera kuthengo, Elifala akanamuuza chiyani mkazi wake Rakele, mlongo wa Chigubuyo, amene Elifala ankamuopa kuposa asikali? Anabereka chimlamu chakecho, cholemera ngati matumba awiri a chimanga, Abrahamu wosaonayo atagwira nsalu ya Elifala kumbuyo, ulendo wa kuchipatala.

Pakhonde anapeza dokotala akudandaula kwa sajeni wa asikali za kuba kuja. Dokotala anayang'ana m'khosi mwa Elifala.

"Kabotolo kanga ako." Kenako anayang'ana mphini zija. "Awiriwa agonekeni. Uyu alibe kanthu, ndi wamphamvu ngati ng'ombe."

Sajeni anamuzungulira Elifala, akumugwiragwira mapewa.

"Chimunthu ichi wachoka nacho kuti?"

"Kuseri kwa phiri lija, bwana."

"Osatula?"

Apa munthu wanzeru akanatsokomola. Koma pakamwa paja panathamanga.

"Osatula ngakhale kamodzi, bwana!"

Sajeni anamwetulira n'kutulutsa chingwe.

"Mwezi wathunthu takhala tikusaka munthu ngati iwe."