Chaputala Chomaliza cha Chigayo

Pulaniyo inabadwira pa tebulo la pakona m'bala, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, ndipo mwina fungo la pamenepo ndi limene linaisokoneza isanayambe n'kukwawa komwe. Bambo wake anali Pulofesa. Musandifunse sukulu imene inamupatsa dzinalo. Anali ndi magalasi opanda mphamvu, jekete ya malemu amalume ake, ndi buku limodzi lachikasu lophunzitsa anthu kupambana pa moyo. Chigulireni bukulo pamsewu, anasiya kudzitcha wakuba n'kuyamba kudzitcha munthu wa masomphenya.

Omumvetsera anali awiri. Woyamba anali Chigayo, chimunthu chotha kunyamula firiji chokha koma chosatha kunyamula mfundo ziwiri nthawi imodzi. Wachiwiri anali Mlamu, amene anakwatira mlongo wa Pulofesa, ndipo analowa m'gululi chifukwa cha kapikapu kake kokalamba, osati chifukwa cha nzeru.

"Mbava wamba zimathyola mawindo," anatero Pulofesa akugogoda botolo pa tebulo. "Ife tilowera pakhomo, atithirira ndi tiyi yemwe."

Nkhani yake inali yotere. Loweruka lililonse masana, mkazi wa dokotala wina amaitana anzake kunyumba kwake kudzakambirana buku limene awerenga. Tsiku limenelo geti limakhala lotsegula, agalu amatsekeredwa, ndipo mlonda amagwadira galimoto iliyonse yolowa. Kuchipinda cha m'mwamba kunali TV yaikulu ngati chitseko, ndipo Mlamu ankaidziwa bwino chifukwa ndi iye anainyamula kuchokera kusitolo.

"Ine ndalembetsa kale ngati membala watsopano," anapitiriza Pulofesa. "Ndikawagwira ndi nkhani pabalaza. Iwe Chigayo ulowera kukhitchini, ukwera, utsika nayo. Inu alamu injini isazime. Dilu yatha."

"Nanga buku lawolo mwawerenga, alamu?" anafunsa Mlamu.

Pulofesa anatulutsa m'thumba buku la chikuto chofiira, ataligwira ndi zala ziwiri ngati sokosi ya munthu wina. Linali lachikondi. Analiponya pamaso pa Chigayo.

"Ine sindiwerenga mabodza. Ubongo wanga ndi wa zinthu zenizeni. Iwe werenga, udzandiuze mwachidule."

Anawombanitsa mabotolo, akuseka ngati TV ija aigulitsa kale. Akuluakulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsopano mumudziwe Chigayo. Pa moyo wake anali asanamalizepo chilichonse kupatula chakudya. Sukulu anaisiya panjira, zowotcherera zitsulo anasiya panjira, ngakhale ukwati anausiyira pa chinkhoswe. Bukulo analitsegula mokwiya, chala chili pa mzere, milomo ikugwedera. Tsamba loyamba anatukwana. Pofika pamene makaniki wa m'nkhanimo anakonza makina osokera a mtsikana telala n'kuchoka osanena kanthu, Chigayo anaiwala kuti pa mbaula pali madzi, ndipo poto anapserera.

Lachinayi Pulofesa anamupeza kuchipinda kwake atakhala pa matiresi, maso ali psu.

"Tiuze mwachidule, aise."

"Bigi, nkhani iyi ilibe chidule. Pali telala, eti. Ndiye pali makaniki, munthu wabwinobwino, koma pakamwa m'polemera. Kenako pabwera mwana wa mwini fakitale, wamwano, wonunkhira perefyumu..."

"Akwatiwa ndi ndani?"

"Sindinafike! Ndipo musandithamangitse, bigi. Ili lokha ndikufuna ndilimalize ndekha."

Pulofesa anamuyang'ana ngati dokotala amene wapeza matenda osachiritsika, koma sanadandaule. Buku lake lachikasu linkanena kuti mtsogoleri weniweni saopa anthu ofooka.

Loweruka linafika. M'pikapu, Chigayo anali atapanikizika pakati, mphuno ili m'buku, osamva mabampu. Atayandikira geti, Pulofesa anamutsomphola bukulo.

"Bigi! Chatsala chaputala chimodzi chokha! Telala ali pa depoti, basi ikunyamuka!"

"Inyamuke. Ndikalowa bwanji kwa owerenga opanda buku m'manja? Udzamaliza tikagulitsa katundu." Kenako anatulutsa buku lake lachikasu n'kupatsa Mlamu. "Inu alamu, muziwerenga ili podikira. Mwina mungakhaleko munthu."

Mlonda anawagwadira monga mwa pulani. Mlamu anaimika pikapu kuseri kwa khitchini. Pulofesa anakonza magalasi ake opanda ntchito aja n'kulowera kukhomo lakumaso.

Pabalaza panali mipando yomira, makapu opyapyala, ndi azimayi atatu amene anali atayamba kale kutsutsana motentha. Panali mwini nyumba, yemwe anali mkazi wa dokotala uja, nesi wina wopuma pa ntchito wa mawu ngati belu, ndi mwini saluni wa zikhadabo zazitali zimene ankatsegulira nazo masamba. Mabuku awo anali opindidwa m'makona ndi olembedwalembedwa m'mbali. La Pulofesa linali ndi zala za mafuta za Chigayo.

"Takulandirani, bambo," anatero mwini nyumba. "Amuna owerenga zachikondi ndi osowa. Tatiuzani, chakusangalatsani n'chiyani?"

Pulofesa anatsokomola mwaulemu. "Amayi, kunena zoona ine ndimakonda mabuku a zinthu zenizeni. Omanga munthu. Ophunzitsa kupambana."

Kukanakhala bwino akanatukwana agogo awo.

"Amenewo?" anatero nesi, akuika kapu pansi. "Mfundo imodzi yokha, yokwana pa chikuto, koma aikoka ngati chingamu mpaka buku lonse. Dzuka m'mawa. Chaputala chachiwiri, dzukanso m'mawa. Chachitatu, mnzanga wina sankadzuka m'mawa, pano ndi wosauka."

"Ndiye wolembayo amadzitama!" anawonjeza wa saluni. "Ndinayamba ndilibe kanthu, akutero, osanena kuti nyumba anamusiyira ndi bambo ake. Ine buku la zoona ndimalikonda likamandiuza chinthu chimene sindimachidziwa, ndi umboni wake, basi. Osati kundikalipira ngati ndine mwana wake."

"Koma amayi, masomphenya..."

"Amuna anga ali nawo shelefu yonse," anatero mwini nyumba. "Makiyi a galimoto amawasakabe m'mawa uliwonse."

Pulofesa anamwa tiyi wotentha mofulumira, lilime n'kupsa. Komabe mumtima ankadziyamikira: azimayi akulankhula, ndiye kuti pulani ikuyenda.

Ndipo kumbali ina inkayendadi. Chigayo anali atadutsa kukhitchini osakhudza ngakhale firiji, chinthu chimene sichinachitikepo. Anakwera masitepe, anamasula TV pakhoma, n'kuikumbatira manja onse awiri atatambasuka mpaka kumapeto. Anayamba kutsika chammbali ngati nkhanu. Vuto linali limodzi, limene munthu wa masomphenya uja sanalione: masitepewo ankatsikira kuseri kwa khoma la pabalaza, ndipo mawu onse ankamveka bwinobwino.

"Tibwerere ku buku lathu," ankatero nesi. "Ine telala uyu amanditopetsa. Mavuto ake onse akanatha ndi foni imodzi. Wamuona makaniki ali ndi mkazi wina, bwanji osafunsa? Ndi mchemwali wake! Machaputala onse aja kulira chifukwa chosafunsa funso limodzi. Ndi wopepera."

Chigayo anaima pakati pa masitepe. Wopepera? Mtsikana woleredwa ndi azakhali ankhanza, amene sanamvepo mawu abwino chibadwire, angafunse bwanji? Anakukuta mano, TV ikumulemera, koma sanasunthe.

"Chimene chimandinyansa ine ndi mwana wa mwini fakitale uja," anatero wa saluni. "Mabuku amenewa amatiyesa ana. Mwamuna wamwano buku lonse, kenako atiuze kuti ali mwana galu wake anafa, ndiye timukhululukire?"

Chigayo anagwedeza mutu kuvomereza, TV n'kugunda khoma pang'ono. Pulofesa anamva, natsokomola mwamphamvu kuti aphimbe.

"Koma pamene makaniki anasunga batani la telala lija m'thumba," anatero mwini nyumba, dzanja lili pamtima, "pamenepo ndinasiya kaye n'kupita kukamwa madzi. Ndi zimene timagulira mabuku amenewa. Osati kupsompsonana pa tsamba lachiwiri. Azitidikiritsa, mtima uzipsa pang'onopang'ono. Inu bambo, za batani munaziona bwanji?"

Pulofesa sankadziwa batani lililonse. "Batani... likuimira chuma," anatero. "Munthu azisunga."

Azimayi anayang'anana. Kuseri kwa khoma, Chigayo anatseka maso ndi manyazi m'malo mwa bwana wake.

Apa n'kuti njira ya kukhitchini ili poyera. Masitepe ochepa, chitseko, pikapu, ndipo anthu akanagona olemera. Mbava iliyonse ya nzeru zapakatikati ikanapita. Koma mwini nyumba anawomba m'manja.

"Chabwino, tisazungulire. Tikambe za mathero. Ine pa depoti paja sindinayembekezere kuti telala..."

Chigayo anafuna kutseka makutu. Manja onse awiri anali pa TV. Anayesa kutsekera khutu limodzi pa phewa, lina likumvabe. Anayesa kung'ung'udza nyimbo chamumtima, mawu a mayiyo n'kumalowabe.

"...atatsika m'basi muja, n'kuona kuti amene waima pa..."

"MUSANENE!"

Makapu analira m'mbale zake. Pakhomo la pabalaza panaima chimunthu chotuluka thukuta, chitakumbatira TV ya kuchipinda kwa eni nyumba, chingwe chikukwekwereka pansi.

"Chonde amayi, musanene. Chatsala chaputala chimodzi. Ndakupemphani."

Pulofesa anayang'ana kudenga ngati munthu amene sanamuonepo Chigayo chibadwire.

"TV yangayo ikupita kuti?" anafunsa mwini nyumba.

"Ndipo telala si wopepera," anatero Chigayo atatembenukira kwa nesi. "Munthu amene anakula akukalipiridwa safunsa mafunso, amayi. Amangoganiza kuti choipacho n'chimene chikumuyenera. Bigi, auzeni!"

"Bigi?" anatero wa saluni, akumuyang'ana Pulofesa kuyambira ku magalasi mpaka ku nsapato.

Nesi uja anali atagwira ntchito zaka zambiri ndi odwala ovuta, ndipo ankadziwa pobaya. Anatsegula buku lake kumapeto, nakonza pakhosi.

"Ikani katunduyo pansi, achimwene, apo ayi ndiwerenga mokweza. Tsamba lomaliza. Ndiyambe?"

Chigayo sanaganize kawiri, poti ngakhale kamodzi kamamuvuta. Manja anathamangira kumakutu. TV inatsika yokha, n'kutera ndi ngodya pa phazi la Pulofesa isanagone chafufumimba pa matailosi. Kukuwa kwa munthu wa masomphenya kunadzutsa agalu, agalu anadzutsa mlonda, ndipo mlonda anathamanga kukakhoma geti.

Pulofesa anatsimphina mpaka kukhitchini, natulukira panja akukuwa, "Alamu, tiyeni! Alamu!"

Injini inali itazima kalekale. Mlamu anali atagona pa chiwongolero, kukamwa kuli yasa, buku lachikasu lili pa ntchafu, lotsegulidwa pa tsamba lachitatu pamene wolemba amafotokoza ubwino wokhala tcheru. Pulofesa anamenya galasi mpaka mlonda anafika n'kumugwira pa kolala ya jekete ya malemu.

Apolisi atabwera sanavutike. Chigayo anamupeza atakhala pansi pabalaza, zala zili m'makutu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, azimayi atatu atamuzungulira ndi mabuku m'manja ngati zikwapu. Mwini nyumba, ngakhale anali wokwiya, anakaniza anzake kuulula mathero. Anati kuba ndi kuba, koma pali zinthu zina zimene munthu wowerenga sachitira mnzake.

Kupolisi anawaimika pa kauntala, manja atamangidwa kumbuyo. Wapolisi wamkazi wa nkhope yachifundo ankawatulutsa zinthu m'matumba: magalasi, makiyi a pikapu, kenako buku lofiira lija m'jekete ya Pulofesa.

"Bwana," anatero Chigayo mwaulemu umene sanauonetsepo kwa munthu, "ndipempheko chinthu chimodzi. Malamba tengani, nsapato tengani. Koma bukulo ndilowe nalo. Ndikangomaliza ndikubwezerani."

Wapolisiyo analitembenuza, nkhope yake n'kuwala.

"Aa, ili! Inunso mumawerenga? Ine ndinalira, achimwene. Pamene telala anatsika m'basi n'kupeza makaniki ataima pamvula ndi makina ake osokera pamutu, n'kumuuza kuti sapitanso kulikonse! Ndiye ukwati wa m'galaja muja, eee!"

Chigayo anakoka manja, unyolo n'kulira kumbuyo. Makutu anali pamtunda, opanda chowatchinga. Anamva zonse, mpaka mtundu wa diresi.

"Zinatha bwinotu," anatero wapolisiyo ataona nkhope yake. "Simukusangalala?"

"Ndimafuna ndikafike ndekha," anatero Chigayo chapansipansi, misozi ikutsika mpaka kuchibwano popanda dzanja loipukuta.

Pulofesa, ataimira mwendo umodzi, anaona kuti mpata wophunzitsa wapezeka.

"Waona, aise? Wamva mathero osataya nthawi. Ndi chidule chimene ndinkakupempha chija. Munthu wopambana..."

Anawatsekera m'zipinda zosiyana. Apolisi anati sakufuna mlandu wachiwiri tsiku lomwelo.