Raketi ya Malume ndi Chinkhoswe Changa

Mpaka lero ndikaona mavu mtima umandigunda, osati poopa kulumidwa ayi. Tizilombo timeneti tinatsala pang'ono kundilanditsa mkazi.

Chinali chaka chomwe aliyense m'minibasi ankangokamba za zipani. Ine zimenezo sizinkandilowa, mutu wonse unali pa chinkhoswe changa ndi Esinati, chomwe chinali chitatsala milungu itatu. Ndinkakhala kwa malume ku Zingwangwa, ndipo malumewo ndiwo anali ankhoswe anga. Popanda iwo, akuchikazi sakanandipatsa ngakhale mpando.

Malume anali ndi raketi, chomenyera mpira wa tenesi, yamtengo, imene anawasiyira mnzawo wa kuntchito ku Makata. Loweruka lililonse ankapita nayo kosewera, masiku enawo inkakhala pamsomali pabalaza. Ngakhale akazi awo popukuta fumbi ankailambalala.

Ndiye kunagwa maliro ku Phalombe, onse awiri n'kupita kwa mlungu wathunthu. Tsiku lachiwiri masana, mavu awiri analowa pabalaza. Munthu wanzeru akanangotsegula zenera. Ine ndinayang'ana pamsomali paja (ndisaname, ndinkailakalaka kuyambira kale). Koyamba ndinamenya mphepo. Kachiwiri ndinamenya felemu la chitseko, raketi n'kuthyoka pakhosi penipeni. Mavu aja anatuluka okha bwinobwino.

Ndinakhala pansi n'kuyang'ana zidutswa ziwirizo. Malume ndi munthu woti akakwiya salankhula zambiri, amangoti, "Ndasamba m'manja." Ndinaona chinkhoswe changa chikuthera pomwepo.

M'mawa mwake ndinakulunga zidutswazo m'nyuzipepala, ulendo wa ku Limbe. Mwini sitolo ya zamasewera anazitembenuza akumwetulira.

"Achimwene, zamtengo anasiya kupanga kalekale. Ngakhale kunja komwe ankazipangako simungaipeze."

Anandionetsa zatsopano, zachitsulo, zamitu ikuluikulu. Malume akanazindikira ali pageti.

Ndinathamangira ku kaunjika ku Ndirande. Venda wina anati, "Ilipo bigi, ya olijino." Anafukula m'mulu wa nsapato n'kutulutsa kanthu kowonda, ka masewera ena aja omenya kanthenga. Nditadandaula anati, "Ndi yomweyo bigi, yangowonda ndi ulendo." Ataona kuti misozi yayandikira, anandilozera kwa Che Amidu, kalipentala wa kuseri kwa msika.

Che Amidu anazinunkhiza zidutswa zija, n'kupukusa mutu. "Amene anapanga ichi mitengo sakuidziwa. Ine ndikupangirani ya mbawa, zidzukulu zidzaipeza."

"Chonde Che Amidu, musaiwongolere chilichonse. Ingofanana basi."

"Inu musadandaule."

Mawu amenewo ndiwo anayenera kundidandaulitsa. Patatha masiku atatu ndinakaitenga, ndipo kunena zoona inkafanana. Zingwe anaika za nayiloni wa asodzi, zilembo anajambula wolemba pamaminibasi, chogwirira anachidetsa ndi polishi kuti chioneke chakale. Koma kulemera kwake ngati musi. Nditaipachika, msomali unapindika, ndinachita kukhoma wina wa mainchesi anayi.

Malume atabwera, anavula jekete, n'kuima pabalaza. Anaitsitsa raketi ija, kuigwira kanthawi, n'kuibwezera. Loweruka litafika anati, "Lero sindipita, phewa likundiwawa," akundiyang'ana ine.

Milungu iwiri imeneyo ndinawonda mpaka lamba ndinaboola pena. Tsiku lililonse ndinkati lero ndiulula. Ndikafika pamaso pawo, pakamwa pankangotuluka kuti, "Madzi osamba ndatenthetsa, malume." (Sanasambepo kawirikawiri chotero moyo wawo wonse.) Akatsokomola, ndinkaganiza kuti ayamba kusamba m'manja kuja.

Tsiku la chinkhoswe linafika, ku Machinjiri kwawo kwa Esinati, anthu atadzaza bwalo. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi. Ine anandipatsa nkhwangwa ndi chikwanje, Esinati lichero ndi mthiko, monga mwa mwambo. Ndinayamba kupuma bwino. Pamenepo malume anati, "Pepani, kwatsala chipangizo chimodzi," n'kumasula chinthu chokulunga m'chitenje.

Inali raketi ya Che Amidu ija.

"Mwana wathuyu samwa, sasuta, ntchito amagwira," anatero malume modekha. "Koma tisakubisireni nthenda yake. Akaswa chinthu sanena, amathamangira ku Ndirande. Mayi Esinati, tanyamulani."

Esinati analandira ndi dzanja limodzi, n'kufulumira kuthandizira ndi linalo.

"Mwamva kulemerako? Chilichonse m'nyumba mwanu chikadzayamba kulemera chonchi, mudzamufunse."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, amayi nthungululu, apongozi anga mpaka kupukuta misozi. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Komabe pansi pa manyaziwo mtima unali utakhala m'malo, chifukwa mkazi ndinali nditapatsidwa.

Anthu akudya, malume anandikokera pambali. Sankasekanso.

"Ukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanakalipa n'kuiwala. Zidutswa zija zili kuti?"

"Zinatsala kwa kalipentala, malume."

"Mnzanga amene anandipatsa uja anamwalira. Ndinalibe china chomukumbukira nacho."

Mawa lake ndinathamangira kwa Che Amidu, koma zidutswazo anali atasonkhezera moto kalekale. Malume ndinawagulira yachitsulo ija, anathokoza, n'kuiika pansi pa bedi. Sanasewerenso tenesi, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero kuposa chiseko cha ku Machinjiri.

Mungaganize kuti ndinaphunzira. Mwezi wathawu ndinagwetsa tipoti ya Esinati iye ali kutchalitchi. Ndinatola zidutswa ndikudziuza kuti akangofika ndimuuza. Mmene nzeru zinkandibwerera n'kuti ndili kale m'minibasi, kondakitala akukuwa kuti Ndirande.