Paipi Yokana Kupita Kumudzi

Lolemba
Baki yanga ya dizilo, galimoto yonyamula katundu, yatsukidwa, ikuwala. Loweruka tinyamuka wa ku Ntcheu, ine ndi akazi anga, mayi a Chikondi. Mapasipoti ndawapatsa asunge mu sutikesi yawo, poti ine ndimataya zinthu. Alamu anga aja amanditcha tchona adzandiona ndikutsika m'galimoto yangayanga. Vuto ndi limodzi: paipi ya labala ya mu injini, yochoka ku tabo kupita ku intakula. Ndikaponda moto pachitunda cha ku Phokeng, kuno kudziko la eni, phu! Yavuka, utsi bii, galimoto ikuyenda ngati ngolo. Nkhani yaing'ono.

Lachiwiri
Bambo Phiri, amene anakalambira mumgodi, asuzumira mu injini. "Mfana, chitsulo chosadzoza chimalira. Faka mafuta." Nditenga mafuta odzola a mayi a Chikondi, ndipaka paipi. Yalowa bwinobwino. Yavukanso bwinobwino, ndisanatuluke pageti.

Lachitatu
Mbiri yamveka kuti kuli wopita kumudzi. Pakhomo pafika mabulangete, wailesi, njinga, makina osokera, ndi "kaphukusi kakang'ono" ka a Nasibeko konyamula amuna awiri. Kukana sindingathe. Wokana katundu wa kumudzi amanenedwa mpaka pamaliro ake. Baki yakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, ndipo paipi ikuvuka msanga kuposa dzulo.

Lachinayi
Makilampu awiri, waya, ndi mafuta ambiri. Mayi a Chikondi akufunsa amene akudya mafuta awo. Ndili kalikiliki pansi pa boneti, sindikumva.

Lachisanu
Nditenga mayi a Chikondi kuti akaone okha kuti yachira. Phu! Penipeni pamalo okwerera mataxi. Dalaivala wina akufuula m'chinenero cha kuno kuti, "Malawi, o ya kae?" Ati ndikupita kuti. Mayi a Chikondi akukankha baki atavala zakutchalitchi. Madzulo akungoti, "Inu bambo, amayi anga akudikira ine, sakudikira galimoto." Zandipweteka, chifukwa akunena zoona.

Loweruka
Mayi a Chikondi akwera basi m'mawa. Eni katundu nawo atenga zawo, athamangira basi yomweyo. Ndi mkwiyo nditsuka paipi ndi sopo, ndiumitsa, ndibwezeretsa ndi kilampu imodzi. Yagwira! Chitunda chonse ndakwera, ili gwa. Ndiwauza Bambo Phiri kuti mafuta aja ndiwo amaiterereza. "Ine ndinati chitsulo, mfana. Labala anatchula ndani?"

Lamulungu
Paipi ili nganganga. Thanki yadzaza. Ndikati ndinyamuke ndekha ndikawapeze panjira, ndiyamba kufunafuna pasipoti m'matumba, pansi pa matiresi, m'Baibulo. Kenako ndikumbukira za Lolemba.
Ndawatengera Bambo Phiri kutchalitchi, akuyamikira kuti injini ikulira bwino. Pasipoti yanga ifika ku Ntcheu Lachiwiri. Alamu ailandire bwino, chithunzi chilimo.